Nyundo Iliyonse ndi Ntchito Yake

Nyundo ndi chida chosavuta kuchimvetsa: mutu wolemera ndi mpini wogwirira, basi. Kuphweka kumeneku ndi kumene kumasocheretsa anthu ambiri, chifukwa amayesa kuti chilichonse chokhala ndi mutu ndi mpini chingamenye china chilichonse. Mmisiri wodziwa ntchito yake asanatole nyundo amayamba wayang'ana chimene akufuna kumenyacho. Ndi cholimba kapena chofewa? Chimapindika kapena chimasweka? Chikufunika kulowa, kuphwanyika, kuwongoka, kapena kungosendera pang'ono? Chomenyedwacho ndi chimene chimasankha nyundo. Mtengo wa nyundoyo ndi kukongola kwake zimabwera pambuyo.

Pa Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu, kufupi ndi msewu wa Midima wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje, nkhaniyi ndi ya tsiku ndi tsiku. Dzina la Mikolongwe ambiri amalidziwira nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp zimene zinafalikira m'midzi kuchokera kumeneko. Koma pamalopa palinso sukulu ya ntchito zamanja ya bungwe la DAPP, imene inayamba mu 1997. Anyamata ndi atsikana amaphunzirako zomangamanga, zowotcherera zitsulo, zamapaipi a madzi, zamagetsi ndi ntchito zina, motsata ndondomeko za TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Ntchito iliyonse mwa izi ili ndi chomenyera chakechake, ndipo wophunzira akamaliza n'kubwerera kwawo ku Namitambo kapena ku Thumbwe, ndalama zoyambira zimakhala zochepa. Kugula nyundo yolakwika pa nthawi imeneyi ndi kutaya mpamba.

Dera limeneli si lachilendo pa zosula. David Livingstone atayenda m'mapiri a kum'mawa kwa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akusungunula miyala ya chitsulo m'ng'anjo zawo, n'kumasula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mipeni. Osula akale a kuno ku Africa, pophwatalitsa chitsulo chongotuluka kumene pamoto, ankamenya ndi mwala waukulu wolimba, koma pokonza mathero ankatenga kanyundo kopepuka. Kusiyanitsa chomenyera cholemera ndi chopepuka kunalipo kale sitolo zisanabwere.

Mphamvu imene nyundo imafika nayo pa msomali imachokera pa zinthu ziwiri: kulemera kwa mutu ndi liwiro limene mutuwo ukutsika nalo. Kulemera kukawirikiza kawiri, mphamvu imawirikizanso kawiri. Koma liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Ichi ndi chifukwa chake kalipentala wogwira kumapeto kwenikweni kwa mpini amalowetsa msomali ndi hamala yopepuka mwachangu kuposa wophunzira amene wagwira hamala yolemera pakhosi. Mpini wautali umapatsa mutu liwiro, ndipo wogwira pakhosi wadzifupikitsira yekha mpini. Komabe liwiro silithetsa zonse. Chinthu chachikulu, monga chikhomo cha mpanda kapena mwala, sichisuntha ndi kahamala kopepuka. Mphamvu yonse imangothera pamwamba, chikhomocho n'kunyenyeka mutu osalowa pansi. Chinthu cholemera chimafuna nyundo yolemera, yotsika mofatsa.

M'masitolo a zipangizo zomangira ku Limbe kulemera kwa nyundo kumalembedwa m'magalamu kapena m'mapaundi, koma amisiri anazolowera kutchula mapaundi. Paundi imodzi ndi magalamu 454, ndipo kulemera kolembedwako ndi kwa mutu wokha, osawerengera mpini.

Yodziwika kwambiri ndi hamala ya kalipentala, ija ya mano awiri kumbuyo. Yabwino pa ntchito zambiri za matabwa imalemera magalamu 450, ndipo yokhomera denga ndi misomali ikuluikulu imafika magalamu 570. Nkhope yake si yophwatalala ngati tebulo. Ndi yotukuka pang'ono pakati, kuti msomali ulowe mpaka kumapeto popanda m'mphepete mwa hamala kusiya chipsera pa thabwa. Nkhope imeneyi iyenera kukhala yoyera. Ikamatirira penti, guluu kapena mafuta imaterereka pa mutu wa msomali, msomali n'kupindika, ndipo mmisiri amayamba kudandaula kuti misomali ya masiku ano njofewa. Kupukuta nkhopeyo pa sandipepa kumathetsa vutoli. Nthawi zina cholakwa si hamala konse, koma thabwa. Mlombwa ndi bulugama wouma amakana msomali, ndipo akaukakamiza pafupi ndi mapeto a thabwa, thabwalo limang'aluka. Mankhwala ake si hamala yolemerapo. Mmisiri amayamba wabowola kabowo kocheperapo kuposa msomaliwo, kapena amabunthitsa nsonga ya msomali kuti izidula mitsempha ya mtengo m'malo moipatula.

Mano a kumbuyo aja ndi ozulira misomali, koma ali ndi malire. Msomali wa mainchi awiri kapena atatu umazuka bwinobwino, makamaka akaika kachidutswa ka thabwa pansi pa mutu wa hamala, kamene kamateteza ntchito komanso kumathandiza msomali kutuluka mowongoka. Msomali wa mainchi asanu kapena asanu ndi limodzi wolowa m'mtanda wouma umafuna chitsulo chachitali chozulira. Mipini yambiri ya mahamala sithyoka pomenya ayi, imathyoka pozula.

Pa denga pamafunika dzanja lofatsa kuposa pena paliponse. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma amene namondwe wa Freddy anasakaza mu Marichi 2023, ndipo nyumba zambiri zamangidwanso ndi malata opyapyala chifukwa ndi amene anthu angakwanitse. Pa malata, nambala ya geji ikamakwera lata limakhala lopyapyala, choncho la geji 32 silipirira nkhonya imene la geji 28 lingapirire. Msomali wa malata umakhomedwa pamwamba pa msana wa lata, osati m'ngalande modutsa madzi. Kumenya komaliza kukhale kopepuka, kongokwanira kuti chipewa cha msomali chigwire lata. Akapitirira pamenepo msanawo umabonyoka, pamakhala kadzenje kosunga madzi, dzimbiri limayambira pomwepo, ndipo mvula yachiwiri kapena yachitatu nyumba imayamba kudontha. Mwini nyumba amaimba mlandu malata, pamene wolakwa anali wokhoma.

Kalipentala yemweyo akatenga tchizulo kuti agobe mabowo a felemu ya chitseko, hamala yachitsulo amaiika pansi. Chigwiriro cha mtengo cha tchizulo chikamamenyedwa ndi chitsulo chimang'aluka. Apa pamafunika nyundo ya mtengo, ya mutu waukulu, imene siphonya ngakhale maso a mmisiri ali pa nsonga ya tchizulo. Yomweyo ndi yolumikizira miyendo ya mipando ndi mafelemu popanda kusiya zipsera. Chida chimenechi sichifuna ndalama. Chidutswa cha mtengo wolimba chotsala pa ntchito ina chimakwanira, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona tchizulo chodula chikuwonongeka chifukwa chosowa chinthu chimene mmisiri angapange yekha madzulo amodzi.

Womanga nyumba amafuna zomenyera zitatu. Choyamba ndi hamala ya njerwa, imene mbali ina ndi ya makona anayi ndipo mbali ina ndi yakuthwa mophwatalala. Njerwa yootcha amailemba mozungulira ndi mbali yakuthwayo, kenako n'kuigogoda kamodzi, n'kuduka pomwe analembapo. Omanga ambiri amadula njerwa ndi mpeni womangira, ndipo pa njerwa zofewa zimatheka, koma pa zopsa bwino mpeniwo umakumbika m'mphepete. Chachiwiri ndi hamala ya mapaundi anayi, yomwe ndi pafupifupi makilogalamu 1.8, ya mpini waufupi ndi nkhope ziwiri zofanana. Imeneyi imayenda ndi tchizulo chachitsulo: kugoba khoma kuti mudutse paipi ya madzi kapena ya mawaya, kugumula pulasitala, kukhoma zikhomo poyala maziko. Pulambala ndi wamagetsi amaifunanso pa chifukwa chomwecho. Chachitatu ndi nyundo ya labala, ndipo kufunika kwake kwakula m'zaka zino. Kuyambira mu 2018 malamulo a bungwe loyang'anira zomangamanga la National Construction Industry Council analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo, choncho omanga ambiri tsopano akugwira mabuloko a simenti. Buloko ya mabowo ili ndi makoma opyapyala. Kuisendeza ndi chitsulo kumaisiya ndi mng'alu umene suoneka lero koma umadzaonekera pulasitala atauma. Labala amakankha popanda kuswa. Pa matailosi ndi chimodzimodzi, ndipo woyala matailosi oyera asankhe labala woyera, popeza wakuda amasiya zidindo.

Nyundo yolemera koposa ndi ya ophwanya miyala. Ku Njuli, m'boma lomweli pa msewu wa ku Zomba, kuli kwale wodziwika, ndipo m'mbali mwa misewu yambiri abambo ndi amayi amakhala tsiku lonse akuswa miyala yogulitsa kwa omanga. Chimwala chachikulu chimang'ambidwa ndi hamala ya mapaundi 14, yoposa pang'ono makilogalamu 6, ya mpini wautali wogwira ndi manja awiri. Woidziwa salimbana nayo. Ponyamula, dzanja limodzi limakhala pafupi ndi mutu. Potsitsa, dzanjalo limatsetsereka kukakumana ndi linzake kumapeto kwa mpini, ndipo kulemera kwa hamala kumamaliza ntchito. Amayang'ananso msempha wa mwala, chifukwa mwala uli ndi pong'ambikira pake. Zidutswa zikachepa amasintha, n'kutenga hamala yaing'ono. Kuphwanya timiyala ta konkire ndi chihamala chachikulu kumangopanga fumbi losagulitsika ndi kuthyola msana. Mwala woswedwawo usagwiridwe ndi zala. Mkombero wa tayala lakutha kapena wa waya umaugwira bwino ndipo umachepetsa kuthethekera kwa tizidutswa.

Kwa amisiri a zitsulo, yoyamba ndi hamala ya makaniko, ya nkhope yosalala mbali ina ndi kampira kozungulira mbali inayo. Imapezeka m'masaizi ambiri, kuyambira yopepuka ya magalamu 100 mpaka yoposa kilogalamu. Nkhope yake inapangidwira kumenya panchi ndi tchizulo chodulira chitsulo, ndipo kampirako n'kophwatalitsira maliveti ndi kuumbira chitsulo mokhota. Koma makaniko wabwino amadziwika ndi zimene amakana kumenya. Beringi siimenyedwa ndi chitsulo mwachindunji, chifukwa timipira ta m'kati timasiya timabowo m'njira yake, ndipo ikangoikidwa imayamba kulira. Bawuti siimenyedwa pa mazinga. Pamalo otere pamafunika nyundo ya mutu wofewa, wa mkuwa kapena wa pulasitiki, ndipo ikasowa, chidutswa cha mtengo wolimba chimaikidwa pakati. Okonza njinga za kabaza amadziwa bwino vuto la kotapini: akamasula nati yonse n'kumenya mazinga, kotapiniyo imafutukuka n'kukanirira. Njira yake ndi kumasula nati mpaka ilingane ndi nsonga, kuchirikiza pansi pa mkono wa pedulo ndi chinthu cholimba, n'kumenya kamodzi mwamphamvu.

Wowotcherera ali ndi kahamala kakekake kosongoka, kogobolera makoko otsala pamwamba pa mzere wowotcherera. Nthawi zambiri kamakhala ndi chigwiriro cha waya wopotana kuti kutentha ndi kunjenjemera zisafike m'dzanja. Makokowo amakhala otentha ndi akuthwa, ndipo amathetheka nthawi imene wowotcherera wangochotsa chophimba kumaso kuti aone ntchito yake. Okhoma ndowa, zidebe ndi mbaula, ngati aja a ku Ndirande, amapinda lata ndi nyundo ya mtengo, chifukwa chitsulo chimalifutukula n'kusupula khungu loteteza dzimbiri. Hamala yachitsulo amaitenga pofinya msoko ndi pa maliveti. Wosoka nsapato amafuna nkhope yotakata, yosalala bwino, yosang'amba chikopa.

Pa zonsezi pali lamulo limodzi lokhudza moyo wa munthu, osati ntchito yokha. Nkhope ya hamala yachitsulo imalimbitsidwa ndi moto, ndipo chitsulo cholimbitsidwa sichipindika, chimabenthuka. Zitsulo ziwiri zolimbitsidwa zikagundana, kachidutswa kakang'ono kakuthwa kangathe kuthetheka ndi liwiro lokwanira kulowa m'diso kapena m'mnofu. Choncho hamala siimenyedwa ndi hamala inzake, ngakhale pofuna kulowetsa mano pansi pa msomali wokanika. Hamala ya kalipentala si yomenyera tchizulo chachitsulo, mwala, kapena misomali ya konkire, pakuti m'mphepete mwa nkhope yake ndi mosavuta kubenthuka. Nkhope ya nyundo yomenyera tchizulo ikhale yotakata kuposa mutu wa tchizulocho ndi pafupifupi sentimita imodzi. Tchizulo nachonso chimakalamba: mutu wake umafutukuka ngati bowa, m'mphepete n'kuchita ming'alu, ndipo ming'alu imeneyo ndi imene imauluka. Mutu wotere uyenera kusadzulidwa pa giraindala usanagwirenso ntchito. Hamala imene nkhope yake yabenthuka kale kapena yang'aluka yatha ntchito. Kuiwotcherera kumasokoneza kulimba kwake n'kuisandutsa yoopsa koposa. Magalasi oteteza maso mtengo wake sufika n'komwe pa ulendo wopita ku chipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, ndipo diso lolowa chitsulo nthawi zambiri silibwerera mwakale. Wothandizira amene wagwira tchizulo kapena chikhomo ali pa ngozi yofanana ndi womenyayo, ndipo ayenera kuvala magalasiwo nayenso.

Mpini ndi theka la nyundo. Mahamala ochokera kunja amabwera ndi mipini ya mitengo ya kumeneko yolimba koma yofewa m'dzanja, ena ya pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi, ena yachitsulo yokutidwa ndi labala. Wa mtengo ubwino wake ndi woti umameza kunjenjemera ndipo ukathyoka umasemedwa wina pakhomo pomwepo. Mtengo wa gwafa umapanga mpini wabwino, bulugama wokhwima amathekanso, koma paini ndi wofewa kwambiri. Chofunika koposa n'choti mtengowo ukhale wouma, wopanda mfundo, ndipo mitsempha yake iyende mowongoka kuchokera kumutu mpaka kumapeto. Mpini wosemedwa ku mtengo wauwisi umagwira lero, koma ukauma umanyala, mutu n'kuyamba kugwedera.

Bowo la mutu wa hamala ndi lotakata pang'ono kumtunda. Mpini ukalowa, nsonga yake imachekedwa ndipo m'mng'alumo amakhomeramo kamtengo kolimba kosongoka, nthawi zina n'kuwonjezera kachitsulo mopingasa, kuti nsongayo ifutukuke n'kudzaza bowo. Misomali itatu kapena inayi yokhomedwa pamenepo siigwira ntchito yomweyo, imangong'amba mtengo. Chizolowezi choviika hamala m'madzi usiku kuti mpini utupe chimathandiza tsiku limodzi lokha. Mtengo ukatupa m'bowo lachitsulo umafinyika, ndipo ukauma umagwedera kuposa poyamba, mutu nawo utachita dzimbiri. Njira ina yofala ndi yowotcherera paipi yachitsulo pa mutu. Mpini wotere suthyoka msanga, n'chifukwa chake ophwanya miyala ambiri amaukonda, koma kugunda kulikonse kumafika m'zala, m'chigongono ndi m'phewa, ndipo kutentha kwa kuwotchererako kungathe kufooketsa mutu pafupi ndi bowo. Amene alibe njira ina akulunge chigwirirocho ndi mphira wa chubu cha njinga.

Pogula, safunsa anadya phula. M'misika muli mahamala a mitundu iwiri ooneka ofanana. Ena ndi osulidwa ku chitsulo chabwino; ena ndi ongothiridwa m'chikombole, otchipa, okhala ndi khungu la mchengamchenga lobisidwa ndi penti wonenepa. Othiridwawa amabenthuka msanga ndipo mano awo amatha kuthyoka pozula msomali woyamba wovuta. Wogula ayang'ane ngati nkhope ili yosalala, m'mphepete mwake mosadzulidwa bwino. Ayang'ane mano ngati ali ofanana ndi akuthwa m'kati, okhoza kuluma ngakhale msomali wopanda mutu. Agwedeze mutu ndi dzanja. Ukasuntha ngakhale pang'ono, hamalayo njosayenera. Kenako ainyamule n'kuiyendetsa monga pomenya, chifukwa hamala yoyenera dzanja la munthu wina ingathe kulemera kwa mnzake. Mtsikana wophunzira zomangamanga amene dzanja lake ndi laling'ono amagwira ntchito yambiri ndi yabwino ndi hamala imene angailamulire tsiku lonse kusiyana ndi imene yamutopetsa isanakwane 10 koloko m'mawa. Mahamala akale ogulitsidwa pa zitsulo zakutha asanyozedwe. Mutu wakale wosulidwa bwino, wopanda mng'alu, ukapatsidwa mpini watsopano umaposa watsopano wotchipa.

Wongoyamba kumene ntchito sayenera kugula zonse nthawi imodzi. Kalipentala ayambe ndi hamala ya magalamu 450 n'kudzipangira nyundo ya mtengo. Womanga ayambe ndi ya mapaundi anayi ndi ya labala, ya njerwa ibwere ntchito yoyamba ikalipira. Wowotcherera agule ya makaniko yapakatikati. Kogobolera makoko angadzipangire ndi chidutswa cha chitsulo. Chihamala cha mapaundi 14 chimafunika mwa apo ndi apo kwa amene si wophwanya miyala, ndipo amisiri oyandikana angathe kusonkherana n'kumabwerekana. Pakhomo wamba, pofuna kukonza khola la nkhuku, chitseko kapena mpando, hamala imodzi ya kalipentala imakwanira, bola isasandutsidwe yoswera miyala.

Kasungidwe kake si kovuta. Nyundo isagone panja pa mame kapena pa mvula, isasiyidwenso padzuwa kapena pafupi ndi moto pamene mpini ungaume mopitirira n'kunyala. Mutu upakidwe mafuta pang'ono nthawi ya dzinja, koma nkhope ipukutidwe isanayambe ntchito. Mpini wa mtengo usapakidwe penti wonenepa, chifukwa penti amabisa ming'alu ndipo amachititsa matuza m'manja. Nyundo ya labala isakhudzane ndi petulo kapena oyilo, zimene zimafewetsa labala mpaka kuyamba kunyenyeka. Pogwira ntchito pa denga kapena pa thandala la omanga, hamala ikhale m'lamba kapena m'thumba la zida, osati pamwamba pa mtanda kapena pa khoma pamene ingagwere munthu wodutsa pansi.